Chitsulo chili m'thupi, nanga pepala lake lili kuti?

MANDIMBA — Anthu ochita malonda pa chipata cha Mandimba ndi Chiponde anazolowera kuona munthu wotere. Akutsika galimoto pang'onopang'ono, ndodo ziwiri zili m'khwapa, m'bale wake wamugwira m'chiuno, ndipo m'jumbo muli envulopu yaikulu ya zithunzi za mafupa. Akamufunsa za ulendo, yankho limakhala lalifupi: anandiika chitsulo. Kumudzi kumakhala nthungululu, poti munthu anachoka atanyamulidwa ndipo wabwera akuponda pansi. Abale amene anagulitsa fodya, mbuzi, mwinanso njinga yamoto kuti ulendowo utheke, mitima imakhala pansi. Kwa iwo nkhani yatha.

Kwa mwini mwendo nkhani yangoyamba kumene. Chitsulo chimenecho adzagona nacho ndi kudzuka nacho zaka khumi, zaka makumi awiri, mwina mpaka kumanda. Ndiye pali funso limene akuluakulu a zaumoyo m'chigawo cha Niassa ayenera kuliyankha. Pakatha chaka, ndani amafufuza ngati munthu uja akuyendabe? Chitsulocho chikayamba kugwedera, dokotala wa ku Cuamba adzadziwa bwanji kuti ndi cha mtundu wanji, chinapangidwa ndi fakitale iti, ndipo anachiika ndani?

Opaleshoni yake imayenda motere. Pamene fupa la ntchafu limalumikizana ndi chiuno pali mutu wobulungira ngati mpira, umene umatembenuka m'kambale kake. Mutu umenewu ukaperepeseka kapena ukafa, munthu amamva ululu usana ndi usiku, mwendo umafupika, ndipo khasu limasanduka ndodo yoyendera. Madokotala amadula mutuwo n'kulowetsa chitsulo m'kati mwa fupa la ntchafu, chokhala ndi mutu watsopano kumwamba. M'chiuno amaikamo kambale ka pulasitiki wolimba, ndipo nthawi zambiri amamata ndi simenti yakeyake ya mafupa. Pa bondo amapala nsonga zakutha za mafupa n'kuzibveka zitsulo, pakati pake n'kuikapo pulasitiki. Ikayenda bwino, ndi imodzi mwa maopaleshoni amene amasinthiratu moyo wa munthu.

Imeneyi ndi ntchito ya m'zipatala zikuluzikulu. Munthu wa ku Mitande, wa ku Massangulo kapena wa ku Etatara sangaipeze pakhomo. Amayambira pa chipatala cha kwawo, amam'patsa kalata yopita ku Cuamba kapena ku Lichinga, ndipo kuchoka kumeneko njira imaloza ku Nampula kapena ku Maputo. Amene ali ndi abale kutsidya amadutsa pa Chiponde, kudzera ku Namwera ndi ku Mangochi, mpaka ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Amene ali ndi ndalama, ndi amene Junta ya zaumoyo yawabvomereza kukalandira chithandizo kunja, amakafika ku South Africa, ena ku India. Njira zonsezi zikufanana pa chinthu chimodzi. Dokotala amene anagwira mpeni amatsala kutali makilomita mazanamazana, ndipo wodwala amabwerera kumudzi ndi chitsulo chake yekha.

Ena anganene kuti nkhaniyi ndi ya azungu okalamba. Amene akuganiza choncho aone zimene anansi a ku Malawi anapeza. M'chaka cha 2005 madokotala a mafupa kumeneko anayambitsa kaundula wa dziko lonse wa anthu oikidwa zitsulo m'chiuno ndi m'maondo, ndipo ntchitoyi inakhazikika pa chipatala cha Beit CURE ku Blantyre. M'chaka cha 2009 anafalitsa zimene anali atalemba: maopaleshoni 73 a m'chiuno pa anthu 58, ochitidwa ndi madokotala anayi m'zipatala zinayi, kuonjezapo maopaleshoni 20 a maondo. Chimene chinaonekera poyera n'chakuti chifukwa chachikulu sichinali nyamakazi ya ukalamba. Mwa maopaleshoni 73 aja, 35 anachitika chifukwa mutu wa fupa unafa kaamba kosowa magazi, ndipo 22 okha ndi amene anali a nyamakazi yoperepesa mafupa. Pa avareji, odwalawo anali a zaka za m'ma 50, msinkhu umene munthu akadali kulima ndi kulipirira ana sukulu.

Kufa kwa mutu wa fupa kumayenda ndi zinthu zimene anthu a kuno akuzidziwa bwino: kachirombo ka HIV, kumwa mowa mopitirira muyeso, matenda a magazi a sikoselo, mankhwala ena amphamvu omwedwa nthawi yaitali, ndiponso kuthyoka kwa khosi la fupa la ntchafu. Malire a pa Chiponde sasefa matenda amenewa. Zimene zikudwalitsa munthu wa ku Namwera ndi zomwezo zikudwalitsa m'bale wake wa ku Mandimba, popeza ndi mtundu umodzi, chakudya chimodzi, misika imodzi.

Kaundula uja anayankhanso funso lina limene linkaopsa madokotala. Panali mantha akuti munthu wa kachirombo akamuika chitsulo, bala lake lidzalowa tizirombo. M'chaka cha 2014 madokotala a ku Blantyre anafalitsa zotsatira za maopaleshoni 43 a m'chiuno pa anthu 29 okhala ndi HIV, ndipo m'nthawi yonse imene anawatsata sanapeze bala lolowa tizirombo. Popanda kulemba ndi kulondola anthuwo, mantha aja akadakhalapobe, ndipo anthu ambiri akadabwezedwa pakhomo la chipatala popanda chifukwa chenicheni.

Msinkhu wa odwalawa ndi umene ukuchititsa nkhaniyi kukhala yolemera. Chitsulo sichikhala mpaka kalekale. Akatswiri a ku Bristol ku England anasonkhanitsa ziwerengero za m'makaundula a maiko angapo, ndipo m'chaka cha 2019 analengeza kuti mwa zitsulo 100 za m'chiuno, pafupifupi 58 ndi zimene zimafika zaka 25 zisanasinthidwe, pamene za m'maondo ndi pafupifupi 82. Ziwerengero zimenezi zinachokera kwa anthu amene amakhala pa mpando, amagona pa bedi ndipo amayenda pa galimoto. Mlimi wa fodya wa ku Ngauma woikidwa chitsulo ali ndi zaka 45 amabwerera ku mizere, ku zigafa ndi ku katundu wa pamutu. Munthu ameneyu tsiku lina adzafunika opaleshoni yachiwiri, imene ndi yobvuta ndi yodula kuposa yoyamba. Dokotala wodzachotsa chitsulo chakale amafunika kudziwiratu dzina lake ndi kukula kwake, chifukwa fakitale iliyonse ili ndi zida zakezake, ndipo mutu wa fakitale ina sungolowa pa chitsulo cha fakitale ina. Amakanika ndi masipeyala a njinga amadziwa bvuto limeneli bwino lomwe.

Maganizo olondola wodwala akatuluka m'chipatala si atsopano. Dokotala wina wa ku Boston ku America, Ernest Codman, ankalimbikira kuti chipatala chizilemba khadi la wodwala aliyense ndi kumufufuza pakatha chaka, kuti chidziwe ngati chithandizo chinagwira ntchito, ndipo ngati sichinagwire, chifukwa chake n'chiyani. Anzake sanakondwe naye. Iye anatsegula chipatala chakechake, ndipo mwa odwala 337 amene anatuluka pakati pa 1911 ndi 1916, analemba n'kufalitsa poyera zolakwika 123. Nayenso John Charnley wa ku Wrightington ku England, amene anakonza opaleshoni ya m'chiuno kuti ifike pamene ili lero, anayamba ndi kuphonya. Pulasitiki woyamba amene anagwiritsa ntchito, wa mtundu wa Teflon, anatha m'zaka zochepa m'matupi a anthu pafupifupi 300. Anazindikira msanga chifukwa ankawaitana odwala ake kudzawaonanso, ndipo m'chaka cha 1962 anasintha n'kuyamba pulasitiki wina wolimba. Munthu ameneyu ankafika popempha odwala kuti akadzamwalira, chitsulocho chidzabwezedwe kwa iye kuti aone m'mene chathera.

Dziko la Sweden linatenga maganizo amenewa n'kuwasandutsa ntchito ya dziko lonse: kaundula wa maondo mu 1975, wa m'chiuno mu 1979. Australia inayamba mu 1999, ndipo England ndi Wales anayamba kulemba mu 2003.

Phindu la makaundula amenewa linaoneka pa nkhani ya chitsulo chotchedwa ASR, cha kampani ya DePuy. Chinali cha makono, mutu wachitsulo wotembenuka m'kambale kachitsulo, ndipo chinkalengezedwa kuti n'choyenera anthu achinyamata ndi olimbikira ntchito. Anthu pafupifupi 93,000 pa dziko lonse anaikidwa chitsulochi. Dokotala mmodzi payekha, woika zitsulo khumi pa chaka, sakadaona msanga kuti chinthu chalakwika. Akaona wodwala mmodzi wabweranso, akadangoti ndi tsoka. Koma kaundula wa ku Australia, pophatikiza ziwerengero za zipatala zonse, anaonetsa kuti anthu a chitsulo chimenechi akubwerera kumpeni mochuluka kuposa anzawo, ndipo kumapeto kwa 2009 chinasiya kugulitsidwa kumeneko. Kaundula wa ku England anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu ndi atatu alionse ankafunika opaleshoni ina zisanathe zaka zisanu. Zitsulozo zinkapekesana n'kumataya fumbi lake m'minofu ndi m'magazi. M'mwezi wa Ogasiti 2010 kampaniyo inachichotsa pa msika wa dziko lonse.

Gawo lachiwiri la nkhaniyi ndi limene likukhudza anthu a ku Niassa. Kumaiko a makaundula, zipatala zinatsegula mabuku, zinapeza maina, zinaitana anthuwo kudzapimidwa magazi ndi kujambulidwa. Ku India anthu pafupifupi 4,700 anali ataikidwa chitsulo chomwecho. Komiti imene Unduna wa Zaumoyo wa dzikolo unakhazikitsa inanena mu 2018 kuti oposa 3,600 mwa iwo anali asanapezeke. Zaka zisanu ndi zitatu chichotsedwere chitsulocho pa msika, anthu ambiri anali kuyenda nacho osadziwa kanthu. Ngati zinali zobvuta kupeza nzika za India m'dziko lawo lomwe, mlendo wochokera ku Cuamba, amene anangosiya dzina la hotela ndi nambala ya lamya ya masiku ochepa, angapezeke bwanji?

Tsono pali mau otsutsa, ndipo ndi omveka. Chigawo cha Niassa chili ndi malungo, amayi omwalira pobereka, ana operewera zakudya m'thupi, ndi zipatala zimene nthawi zina zimasowa magazi ndi mafuta a ambulansi. Anthu oikidwa zitsulo zoterezi m'maboma a Mandimba, Ngauma ndi Cuamba ndi ochepa poyerekeza ndi odwala malungo a sabata imodzi. Namwino wa pa chipatala chaching'ono ali kale ndi mulu wa mabuku oti alembe: la sikelo, la katemera, la amayi apakati, la chifuwa chachikulu, la ma ARV. Kumuonjezera lina kuli ngati kusenzetsa mtolo munthu amene wasenza kale mtsuko. Amene akunena zimenezi sakunama.

Komabe kuchepa kwa anthuwo ndiko kukupeputsa ntchitoyi. Palibe amene akupempha nyumba yatsopano kapena makina a mamiliyoni. Bokosi lililonse la chitsulo limabwera kuchokera ku fakitale lili ndi timapepala tomata, tolembedwa dzina la kampani, mtundu wa chitsulo, kukula kwake ndi nambala ya gulu limene chinapangidwira. Timapepala timeneti tilipo kale, ndipo mtengo wake unalowa m'ndalama zimene banja linalipira. Kamodzi kamamatidwa m'failo ya chipatala. Kena kayenera kumatidwa pa khadi limene wodwala apite nalo kwawo. Kumaiko a European Union khadi lotere ndi lamulo kuyambira 2021. Kuno mayi aliyense amasunga khadi la sikelo la mwana wake m'pulasitiki, mvula igwe, nyumba idonthe, khadilo limapezeka. Anthu amene amatha kusunga khadi la mwana zaka zisanu sangalephere kusunga khadi la mwendo wawo.

Ndipo Moçambique si mlendo pa ntchito yoyesa zotsatira za opaleshoni. Madokotala atachepa kwambiri pambuyo pa ufulu wa 1975, dziko lino linayamba mu 1984 kuphunzitsa ma técnico de cirurgia, anthu amene si madokotala koma amachita maopaleshoni m'zipatala za m'maboma. Ambiri, kuno ndi kunja komwe, ankakayika. Kukayikako sikunathe ndi zolankhula za pa msonkhano. Kunatha chifukwa anthu anakhala pansi n'kuwerenga. Kafukufuku wofalitsidwa mu 1996 anayerekeza maopaleshoni oposa 2,000 a amayi obereka pa Hospital Central de Maputo, ena ochitidwa ndi ma técnico, ena ndi madokotala akatswiri, ndipo pa zotsatira zikuluzikulu sipanapezeke kusiyana kwenikweni. Kafukufuku wina anaonetsa kuti mu 2002, maopaleshoni 92 mwa 100 alionse akuluakulu a uchembere m'zipatala za m'maboma ankachitidwa ndi ma técnico. Amayi ambiri a kuno ali moyo lero chifukwa cha manja amenewa, ndipo manjawo anakhulupiridwa chifukwa zotsatira zake zinalembedwa.

Luso lolondola wodwala kumudzi nalonso lilipo. Munthu wa chifuwa chachikulu akasowa ku chipatala amatsatidwa. Wa ma ARV akadumpha tsiku lake amaimbiridwa lamya kapena kuyenderedwa. Magulu a GAAC, amene anayambira ku Tete mu 2008, m'mene anthu osaposa asanu ndi mmodzi amasinthana kukatengerana mankhwala, ndi nzeru imene maiko ena anadzaphunzira kuno. M'midzi muli azaumoyo amene anthu anazolowera kuwatchula kuti ma APE, odziwa khomo lililonse. Kufunsa munthu mmodzi kapena awiri m'dera lawo mafunso ochepa, pakatha miyezi itatu, miyezi isanu ndi umodzi, chaka, kenaka kamodzi pa chaka, si katundu woti n'kuthyola msana.

Koma mafunsowo akhale a kuno. Pali mndandanda wotchuka wa mafunso 12 wokonzedwa ku Oxford, umene zipatala zambiri zimagwiritsa ntchito poyesa ngati opaleshoni ya m'chiuno yathandiza. Umafunsa za ululu, za kutsimphina, za tulo, ndipo amenewa ndi mafunso abwino kulikonse. Umafunsanso ngati munthu akutha kubvala sokosi, kukwera masitepe a nyumba, kulowa ndi kutuluka m'galimoto, ndi kudzuka pa mpando akatha kudya. Agogo a ku Itepela angayankhe chiyani pamenepa? Iwo amadyera pa mphasa. Chimbudzi chawo n'chonjuta. Amagwada popereka moni kwa akuluakulu, amagwada popeta ndi pokolezera moto, ndipo ku Ngauma ndi ku Mandimba, kumene Asilamu ndi ambiri, munthu amagwada ndi kugunditsa mphumi pansi kasanu pa tsiku pa swala. Kunjuta kwambiri ndi kukhala pansi penipeni ndi zina mwa zimene madokotala amaletsa m'miyezi yoyamba, chifukwa mutu wa chitsulo ukhoza kuguluka m'kambale kake. Anthu ambiri oikidwa chitsulo pa bondo amabvutika kugwada ngakhale patapita zaka. Opaleshoni imene pa pepala la ku Oxford yakhoza bwino ikhoza kukhala kuti yasiya munthu osatha kulowa m'chimbudzi cha pakhomo pake. Choncho khadi la kuno lifunse ngati munthu akutha kulima, kupalasa njinga, kufika ku chigayo, kunjuta ndi kupemphera monga mwa chipembedzo chake.

Apa pali phunziro kwa mabanja. Ndalama zonse zimathera pa ulendo ndi pa opaleshoni, ndipo palibe amene amakumbukira kuti wodwalayo akabwera adzafunika mpando wautali, bedi lokwera ndi kampando kobowola ka m'chimbudzi. Mmisiri wa matabwa wa pa msika wa Mandimba akhoza kukhoma zonsezi tsiku limodzi, pa mtengo wosafika ngakhale wa mbuzi.

Bvuto lina ndi la malire. Wodwala wochokera ku Blantyre amabwera ndi kalata ya Chingerezi, yodzaza ndi zidule za madokotala a kumeneko. Namwino amene akumulandira ku Mandimba anaphunzira m'Chipwitikizi. Awiriwa amamvana bwinobwino m'Chichewa kapena m'Chiyao, koma pepala lili pakati pawo silimveka. Nawonso a ku Malawi amataya munthuyo. M'buku lawo muli nambala ya Airtel kapena TNM imene wodwala anagula pa ulendo, ndipo akangodutsa pa chipata amabwezeramo kakhadi ka Movitel kapena ka Vodacom. M'kaundula wa kutsidya munthu ameneyu amalembedwa kuti sanabwerenso, chonsecho ali moyo, akulima pa mtunda wa makilomita ochepa kuchokera pa malire. Akuluakulu a zaumoyo a mbali ziwirizi amadziwana, ndipo mliri wa kolera ukabuka amauzana. Khadi limodzi la zinenero ziwiri, lokhala ndi nambala ziwiri za lamya ndi dzina la mfumu ya m'mudzi, ndi nkhani yoti ikhoza kutha pa msonkhano umodzi.

Kwa amene amapita kunja ndi chilolezo cha Junta, njira ndi yapafupi kwambiri. Ofesi imene yasaina kuti munthu apite ili ndi mphamvu yolamula kuti pobwera asonyeze pepala la chitsulo chimene waikidwa, ndipo kope lake litumizidwe ku Lichinga ndi ku chipatala cha boma la kwawo. Ndalama za dziko zikalipira chinthu, dziko liyenera kudziwa chimene lagula.

Buku limeneli lisakhale la oikidwa mitu yatsopano okha. Msewu wa N13 wochokera ku Cuamba kudzera ku Mandimba ndi ku Massangulo mpaka ku Lichinga, umene kale unkadya tsiku lathunthu m'dzinja, tsopano ndi wa phula. Aliyense akuyamikira. Koma walira mvula walira matope: magalimoto akuthamanga, njinga zamoto zonyamula anthu zachuluka, ndipo zambiri zimanyamula anthu atatu ndi thumba la chimanga. Achinyamata othyoka ntchafu amaikidwa zitsulo za mtundu wina, zolumikiza fupa, ndipo nazonso zimafuna kuonedwa ngati fupalo lagwirana. Palinso okalamba amene amaterereka kubafa kapena pa chitsime n'kuthyoka khosi la fupa la ntchafu. Ambiri mwa amenewa safika n'komwe ku chipinda cha opaleshoni. Amagona pa mphasa miyezi, ena amapita kwa asing'anga omanga mafupa, ndipo zilonda za pamsana ndi chibayo zimawatenga mwakachetechete. Pa maliro anthu amati ndi ukalamba. Akadalembedwa onsewa, pamodzi ndi amene anatumizidwa ku Nampula koma sanapite chifukwa chosowa ndalama, bwenzi akuluakulu a chigawo ali ndi chiwerengero choti n'kupita nacho ku Maputo pokapempha dokotala wa mafupa, zida, kapena gulu la akatswiri lodzagwira ntchito kwa sabata zingapo. Pempho lopanda nambala limayankhidwa ndi lonjezo.

Za magulu a madokotala obwera kudzathandiza kwa masiku ochepa, mau amodzi ndi okwanira. Ntchito yawo ndi yotamandika, koma ndege ikanyamuka, mabala amatsala ndi anamwino a kuno. Gulu lililonse lotere lisanapatsidwe chipinda cha opaleshoni lizibvomera kusiya maina, timapepala ta zitsulo, ndi nambala imene técnico angaimbe zinthu zikabvuta.

Chinthu chimodzi chingathe kupha ntchito yonseyi, ndicho kusandutsa kaundula kukhala chikwapu. Madokotala akaona kuti bukuli ndi lowasakira milandu, adzayamba kukana odwala obvuta, monga okalamba kwambiri, a shuga ndi amene anachedwa kubwera, n'kumasankha okhawo amene akuoneka kuti achira mosabvuta. Ena adzangosiya kulemba zimene zalakwika. Dokotala amene amalandira odwala okanidwa kwina ziwerengero zake zimaoneka zoipa, pamene mwina ndiye waluso kuposa onse. Ku Sweden zipatala zimalandira zotsatira zawo n'kuziyerekeza ndi za anzawo, ndipo m'kupita kwa zaka njira zosathandiza ndi zitsulo zosalimba zinasiyidwa, mpaka dzikolo linakhala limodzi mwa maiko amene anthu ake sabwerera kawirikawiri kumpeni. Chinsinsi cha odwala nachonso chisamalidwe. Ku Malawi munthu ankayezedwa HIV atalandira uphungu ndiponso atabvomera yekha. M'tauni yaing'ono ngati Mandimba, m'mene mlembi wa pa chipatala ndi mlamu wa wina aliyense, buku lokhala ndi zoterezi liyenera kukhala lokhomedwa, ndipo ziwerengero zopita ku Lichinga zipite zopanda maina.

Pamene akuluakulu akuganizira zonsezi, banja limene lili ndi m'bale woyembekeza opaleshoni lisadikire. Safunsa anadya phula. Asanatuluke m'chipatala, kaya ndi ku Nampula, ku Blantyre kapena ku India, wodikirira wodwala apemphe kapepala komata ka chitsulocho, dzina la dokotala, tsiku la opaleshoni ndi tsiku lodzaonedwanso. Apemphe chithunzi cha fupa chojambulidwa opaleshoni itatha, chifukwa chimenecho ndi chimene dokotala wina adzayerekeze ndi chatsopano pofuna kudziwa ngati chitsulo chasuntha. Amene ali ndi lamya yojambula ajambule mapepala onsewo n'kutumizirako mwana kapena m'bale wa kutauni, popeza chiswe ndi moto sizisankha pepala.

Akafika kumudzi, pali zizindikiro zosayenera kugona nazo. Bala likamatuluka madzi kapena mafinya, likatupa n'kumatentha, thupi likamaphwanya popanda malungo, munthuyo apite ku chipatala tsiku lomwelo ndipo anene poyambirira kuti ali ndi chitsulo. Makapisozi ogula pa msika amangophimba bvutolo. Tizirombo tikamatirira pa chitsulo sitichoka ndi mapiritsi okha, ndipo kuchedwa kwa sabata zochepa kukhoza kuchititsa kuti chitsulo chonse chichotsedwe. Mwendo ukafupika mwadzidzidzi n'kupindikira m'kati munthu atanjuta kapena atagwa, asaukoke ndiponso asapite nawo kwa omanga mafupa. Katumba akatupa n'kumawawa, kapena munthu akayamba kubanika m'sabata zoyamba, akhoza kukhala magazi oundana, ndipo imeneyo ndi ngozi ya moyo. Ululu watsopano wa m'mphechepeche kapena wa m'ntchafu umene wayamba patapita zaka munthu akuyenda bwino ndi chifukwa chokwanira chokwerera galimoto ya ku Cuamba kukajambulitsa, envulopu yakale ija ili m'manja.